Khungu la machona: mbiri ya kuchedwa kuzindikira psoriasis ku Kadoma ndi Chegutu

Mizinda ya Kadoma ndi Chegutu, imene mpaka chaka cha 1982 inkatchedwa Gatooma ndi Hartley, ili m'chigawo cha Mashonaland West m'dziko la Zimbabwe, m'mphepete mwa njanji yochokera ku Bulawayo kupita ku Harare imene inatha kumangidwa mu 1902, ndipo yonse iwiri inakula chifukwa cha golide, thonje ndi nsalu. Migodi ya Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari ndi Giant ku Gadzema, minda ikuluikulu ya azungu, malo ofufuzira za ulimi wa thonje amene anatsegulidwa ku Gatooma mu 1925, ndiponso pambuyo pake mafakitale a nsalu a David Whitehead, zonsezi zinkafuna antchito ochuluka kuposa amene midzi ya Ashona inkalolera kupereka pa malipiro a nthawiyo, choncho ambiri mwa ogwira ntchito anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Zidzukulu zawo zilipobe m'makomboni a m'deralo, kumene Chichewa chimamvekabe ndipo gule wamkulu amatuluka pa maliro. Za matupi a anthu amenewa zalembedwa kwambiri pa nkhani ya ngozi za pansi pa mgodi, chibayo ndi chifuwa chachikulu, koma khungu lawo nalonso lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikuonetsa kuti pa nyengo iliyonse wachipatala poyang'ana khungu la wantchito ankafunapo matenda amene nyengoyo inkaopa, kotero kuti nthenda yosapatsirana komanso yosapha msanga, monga psoriasis, inkapatsidwa dzina la nthenda ina pamodzi ndi mankhwala ake ndi manyazi ake.

Psoriasis ndi nthenda yokhalitsa imene imayamba chitetezo cha m'thupi chikamachita mopyola muyeso ndi kutupitsa khungu la mwini wake, ndipo zotsatira zake n'zakuti maselo a khungu, amene mwa munthu wabwinobwino amatenga pafupifupi mwezi kuti akhwime ndi kuyoyoka, amafika pamwamba m'masiku ochepa chabe n'kuunjikana kukhala zigamba zokhuthala zokutidwa ndi mamba ouma. Zigambazi zimakonda zigongono, mawondo, m'mutu ndi m'munsi mwa msana, zimakhala ndi malire ooneka bwino, ndipo kawirikawiri zimatuluka mbali zonse ziwiri za thupi mofanana. Zikhadabo nazo zimachita timaenje ting'onoting'ono kapena kukanganuka pa chala. Nthendayi imayenda kumtundu m'mabanja ena, imabuka kapena kukula chifukwa cha zilonda zapakhosi, nkhawa, mowa, fodya, kuvulala kwa khungu ndi mankhwala ena, koma munthu sangaitenge pogwirana chanza, pogona mphasa imodzi kapena podyera mbale imodzi ndi wodwala. Pakhungu loyera zigamba zake zimakhala zofiira ndi mamba onga siliva. Pakhungu lakuda zimakhala zodera kwambiri, zotuwa kapena zoyandikira mtundu wa pepo, ndipo zikapola zimasiya mawanga akuda bii kapena otumbuluka amene amatha miyezi yambiri. Kusiyana kwa maonekedwe kumeneku ndi kumene kunabala zolakwika zambiri zimene mbiri ino ikufotokoza.

Chisokonezo pa nthendayi chinalipo kale ku Ulaya madokotala asanabwere nacho ku Africa. Kwa zaka mazana ambiri psoriasis ndi khate zinkaikidwa m'gulu limodzi, ndipo ngakhale Robert Willan, dokotala wa ku England amene buku lake la 1808 limatengedwa ngati chiyambi cha maphunziro amakono a khungu, anafotokoza bwino zigamba za psoriasis koma mtundu wina wa izo anaupatsa dzina la lepra, limene kwa ambiri linkatanthauza khate. Ferdinand von Hebra wa ku Vienna ndiye analekanitsa matenda awiriwa mu 1841, ndipo mu 1873 Armauer Hansen wa ku Norway anaona kachirombo koyambitsa khate. Zizindikiro zimene madokotala amadalira mpaka lero zinapezekanso m'zaka zomwezo: Heinrich Köbner anaonetsa kuti zigamba zatsopano zimamera pamene khungu lakandika kapena lachekeka, ndipo dzina la Heinrich Auspitz linapatsidwa timadontho ta magazi timene timatuluka mamba akapalidwa. Chotero pamene migodi ya ku Gatooma inkatsegulidwa, nzeru yolekanitsira psoriasis ndi khate inali itakhalapo zaka zoposa 60, koma inali italembedwa ndi kujambulidwa poyang'ana khungu la anthu a ku Vienna ndi London, ndipo chizindikiro chake choyamba chinali kufiira, kumene pakhungu la Mchewa kapena Myao sikuoneka monga mmene buku linkanenera.

Anthu a ku Nyasaland ankafika m'derali m'njira ziwiri. Ena ankayenda okha wapansi kudzera ku Tete kapena ku Feira, akugwira maganyu m'njira, ndipo ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1903 ndipo antchito ankalitcha chibaro, dzina limene wolemba mbiri Charles van Onselen anapatsa buku lake la 1976 lonena za moyo wa m'makomboni a migodi. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1930, komiti ya Travers Lacey inayerekeza kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo pakati pawo panali machona, kutanthauza anthu amene anasiya kubwerera kwawo. Pambuyo pake kunadza malole aulere onyamula antchito ndi bungwe lolemba antchito lotchedwa Mthandizi. M'dongosolo lonseli munthu ankayezedwa thupi, koma cholinga cha kuyezako chinali kuyankha mafunso awiri okha: kodi munthuyu angathe kunyamula fosholo, ndipo kodi ali ndi nthenda imene angapatsire anzake? Malipoti a boma ankawerenga imfa za chibayo, chiseyeye, kamwazi, chifuwa chachikulu, chindoko ndi ngozi, ndipo nthenda imene sipha inalibe mzere wake m'kaundula wotere. Pamwamba pa izi, wantchito ankalipidwa akadzaza tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku logona m'chipatala silinkadindidwa, choncho munthu wa zigamba pazigongono anali ndi chifukwa chomveka chobisira khungu lake m'malaya kufikira pamene silikanabisikanso.

Matenda oyamba amene anaphunzitsa madokotala a m'migodi kuyang'ana khungu anali a njala. Chakudya cha m'komboni chinali ufa wa chimanga ndi mchere, nyama ndi masamba zikupezeka mwa apo ndi apo, ndipo chiseyeye, nthenda yobwera chifukwa chosowa vitamini C imene imatupitsa nkhama ndi miyendo ndi kutulutsa magazi pansi pa khungu, chinapha anthu ochuluka mpaka boma linakhazikitsa komiti imene inatulutsa lipoti la chiseyeye ndi chibayo mu 1910. Nthenda ya pellagra, imene imadza thupi likasowa niacin, vitamini wa m'gulu la B amene m'chimanga amakhala womangika kotero kuti thupi silimupeza, imafanana kwambiri ndi psoriasis poyang'ana patali, chifukwa nayonso imachita zigamba zakuda, zouma, za malire ooneka, mbali zonse ziwiri za thupi. Gaspar Casal, amene anaifotokoza ku Spain mu 1735, anaiyesa mtundu wa khate, ndipo ku Nyasaland dokotala Hugh Stannus anailemba mu 1912 ndi 1913 ataiona pakati pa akaidi a m'ndende ya Zomba. Chozilekanitsa ndi malo: pellagra imagwira pamene dzuwa limaomba, monga kuseri kwa zikhatho, pamikono, pamapazi ndi kuzungulira khosi, ndipo imabwera ndi kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka maganizo, pamene psoriasis imakonda malo obisika m'zovala ndipo mwa odwala ambiri dzuwa limaichepetsa. Kulakwitsa kuno kunali koopsa mbali zonse ziwiri, pakuti wa pellagra wopatsidwa mafuta odzola okha akhoza kufa, pamene niacin, amene Conrad Elvehjem anaonetsa mu 1937 kuti ndiye wosowayo, akanamuchiritsa m'masabata ochepa. Pellagra sinathe ndi nthawi ya atsamunda: pakati pa February ndi October 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala nthendayi m'misasa ya ku Malawi mtedza utasiya kugawidwa.

Koma dzina limene linkaopedwa koposa onse linali khate, ndipo pa nkhani imeneyi mantha a chipatala, a mudzi ndi a tchalitchi anakumana. M'midzi ya kwawo wakhate ankamumangira kanyumba kutali ndi anzake, ndipo Ashona amene machona anakhala pakati pawo ankaopa maperembudzi mofananamo. Mipingo imene inatsatira antchito, monga mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nyasaland imene inatumiza m'busa T.C.B. Vlok ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, mu 1912, inkawerenga m'makomboni Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo mmenemo Levitiko 13 amalamula kuti munthu wa nthenda ya pakhungu aonedwe ndi wansembe ndi kukhala kunja kwa chigono. Akatswiri ambiri a masiku ano amavomereza kuti zizindikiro za m'chaputalacho sizigwirizana ndi nthenda ya Hansen, ndipo zimayandikira psoriasis ndi matenda ena a mamba ndi mawanga, koma womvera wa ku Eiffel Flats anamva mawu akuti khate, ndipo anayang'ana mnzake wa zigamba zotuwa ndi diso limenelo. Boma nalo linali ndi malo opatulira akhate, Ngomahuru kufupi ndi Fort Victoria, kumene lero ndi Masvingo, ndi Mutemwa kufupi ndi Mutoko. Kwa wantchito wochokera kunja, kuganiziridwa khate kunkatanthauza kutha kwa ntchito, kenako kupita kumalo amenewa kapena kubwezedwa kwawo chimanjamanja, ndipo mankhwala a nthawiyo, dapsone asanafike, anali majakisoni opweteka a mafuta a chaulmoogra.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kulekanitsa matenda awiriwa sikufuna makina okwera mtengo. Kachirombo ka khate kamawononga minyewa, choncho banga la khate limachita dzanzi, silituluka thukuta, ndipo wodwala atatsinzina samva kachidutswa ka thonje kakamukhudza pabangapo. Minyewa ya pachigongono ndi kuseri kwa bondo imakhuthala mpaka kumveka ndi chala, ndipo timadzi ta pakhungu tikaonedwa pa maikulosikopu tizirombo timapezeka mwa odwala a khate la tizirombo tambiri. Chigamba cha psoriasis chimamva kukhudza, nthawi zambiri chimayabwa, ndipo chimayoyola mamba ambiri. Pamene pamasokoneza ndi pa mawanga otumbuluka amene psoriasis imasiya ikapola, ndiponso pa zala zopindika za munthu amene nthendayi yamulowa m'malo olumikizira mafupa, pakuti zonse ziwirizi ndi zimene munthu wamba amadziwira khate. Kuyeza ndi thonje kumatenga mphindi zochepa, koma kumafuna kuti woyezayo alankhule ndi wodwala m'chinenero chimene onse awiri akumva, ndipo pa mzere wa anthu ambirimbiri ovula malaya pamaso pa dokotala wolankhula Chilapalapa cha malamulo okhaokha, kukambirana kotere kunalibe malo.

Chindoko chinali dzina lachiwiri. Nthendayi ikafika gawo lake lachiwiri, patapita masabata kapena miyezi chilonda choyamba chitapola, imatulutsa timawanga ta mamba thupi lonse, ngakhale m'zikhatho ndi kumapazi, ndipo timafanana kwambiri ndi psoriasis ya timadontho imene imabuka munthu akadwala zilonda zapakhosi. Njira ya Wassermann yoyezera magazi inapezeka mu 1906, koma inkafuna labotale, ndipo akuluakulu a boma ndi a migodi ankakhulupirira kale kuti chindoko chili ponseponse pakati pa Aafrika, kotero kuti nsungu iliyonse ya mamba inali ndi yankho lokonzeratu. Akazi ndiwo anasenza zowawa za chikhulupiriro chimenechi, chifukwa m'matauni ndi m'makomboni ankakakamizidwa kuyezedwa kumaliseche, mchitidwe umene iwo ankautcha chibeura ndipo wolemba mbiri Lynette Jackson anaufufuza. Mankhwala a chindoko, penisilini asanayambe kugwiritsidwa ntchito mu 1943, anali majakisoni okhala ndi aseniki, ochokera ku Salvarsan wa Paul Ehrlich wa 1910. Aseniki yemweyo, m'madzi otchedwa Fowler's solution, ndiye anali mankhwala a psoriasis ku Ulaya kwa zaka zoposa 100, chifukwa amachepetsadi zigamba kwa kanthawi. Zotsatira zake n'zakuti munthu wa psoriasis wobayidwa jakisoni wa chindoko akanatha kuoneka ngati akupeza bwino, ndipo kupeza bwinoko kukanatsimikizira dokotala, mkazi wake ndi komboni yonse kuti analidi ndi chindoko.

M'dera la Kadoma aseniki analiponso m'nthaka momwe. Miyala ya golide ya ku Cam and Motor ndi ku Dalny ndi ya mtundu umene golide wake amakhala womangika mu arsenopyrite, mwala wa chitsulo, sulufule ndi aseniki, ndipo kuti golideyo atuluke miyalayo inkawotchedwa m'ng'anjo zotulutsa utsi ndi fumbi la aseniki. Fumbi limeneli limatupitsa khungu m'malo a thukuta, ndipo aseniki wolowa m'thupi kwa zaka zambiri amachititsa mawanga akuda osakanikirana ndi otuwa, komanso khungu lokhuthala ngati njerewere m'zikhatho ndi kumapazi, limene lingasanduke khansa, monga Jonathan Hutchinson anachenjezera ku London m'zaka za m'ma 1880 ataona odwala amene anamwa aseniki nthawi yaitali. Psoriasis ya m'zikhatho ndi kumapazi imaoneka mofanana ndi zimenezi, ndipo imafanananso ndi ziwengo zobwera chifukwa cha cyanide wa m'matanki, simenti, utoto wa m'fakitale ya nsalu ndi mankhwala opopera thonje. Wantchito wa zikhatho zong'ambika anali pakati pa mayankho angapo, ndipo yankho lakuti ntchito ndiyo yamudwalitsa linali limene kampani sinkafuna kumva, pamene lakuti ndi chindoko kapena uve linkaika mlandu pa iye mwini.

Kwa nthawi yaitali panalinso chiphunzitso chakuti psoriasis sipezekapezeka pakati pa anthu akuda. Chiphunzitsochi chinali ndi mbali yoona, chifukwa zipatala za kumadzulo kwa Africa, monga ku Nigeria, zinkaona odwala ochepa poyerekeza ndi za ku Ulaya, koma kafukufuku wa ku Kenya wofalitsidwa mu 1967 anaonetsa kuti kum'mawa kwa Africa nthendayi si yachilendo. Vuto la chiphunzitso chotere n'lakuti chimadzitsimikizira chokha, pakuti dokotala wophunzitsidwa kuti nthenda ina kulibe saiganizira, akapanda kuiganizira sailemba, ndipo kaundula wopanda dzinalo amakhala umboni wa m'badwo wotsatira wa madokotala. Buku la Michael Gelfand la 1944, The Sick African, limene linaphunzitsa ambiri ku Southern Rhodesia, ndi sukulu ya udokotala imene inayamba ku Salisbury mu 1963, zinali ndi ntchito yaikulu pa malungo, likodzo, chifuwa chachikulu ndi kunyentchera, ndipo akatswiri a khungu anakhalabe owerengeka, ali ku Salisbury ndi ku Bulawayo.

Ufulu wa 1980 unasintha zambiri. Boma latsopano linamanga makiliniki akumidzi, linaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi, linachotsa malipiro a kuchipatala kwa olandira ndalama zosapitirira madola 150 pamwezi, ndipo mu 1985 linatulutsa buku la EDLIZ, lolongosola mankhwala ofunika ndi kagwiritsidwe ntchito kake pa msinkhu uliwonse wa chipatala. Khate nalo linayamba kuchizika m'miyezi yowerengeka ndi mankhwala ophatikiza amene bungwe la WHO linavomereza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Munthu woyamba kuona khungu la wodwala tsopano anali namwino wa pakiliniki, amene angatumize wodwala kuchipatala cha Kadoma kapena cha Chegutu, kenako ku Chinhoyi, kenako ku Parirenyatwa ku Harare. Pa msinkhu wa kiliniki, matenda a khungu ochuluka ndi chipere ndi mphere, choncho n'zomveka kuti chigamba chozungulira cha mamba chimayamba chapatsidwa mafuta a Whitfield kapena mapiritsi a griseofulvin. Kuyamba choncho si kulakwa. Kulakwa kumadza pamene wodwala wabwera kachitatu osasintha n'kupatsidwanso zomwezo, popanda woyang'ana m'mutu, zikhadabo ndi chigongono cha mbali inayo, kapena kupala mamba kuti aone pa maikulosikopu ngati muli fangasi woyambitsa chipere. Chipere chimakula m'mphepete pakati pakupola, ndipo sichisankha mbali ziwiri mofanana, pamene chigamba cha psoriasis chimakhala chokhuthala ponseponse.

Edzi, imene wodwala wake woyamba ku Zimbabwe analengezedwa mu 1985, inabwezeretsa khungu pamalo pamene khate linali. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'dzikomo anali ndi kachirombo ka HIV, ndipo madera a migodi ndi minda anakhudzidwa kwambiri. Popeza zoyezera magazi zinali zochepa ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, anthu anaphunzira kuwerenga Edzi pakhungu: mashingozi, tizilonda toyabwa ta m'mikono ndi m'miyendo, mawanga a khansa ya Kaposi, ndi mamba a kumaso ndi m'mutu a nthenda yotchedwa seborrhoeic dermatitis. Ubale wa psoriasis ndi HIV ndi wovuta, chifukwa HIV imatha kubutsa psoriasis kwa nthawi yoyamba kapena kuikulitsa mpaka kukuta thupi lonse, ndipo zigambazo zimachepa munthu akayamba ma ARV, choncho wachipatala woyeza magazi a munthu amene psoriasis yamubukira mwadzidzidzi akuchita bwino. Koma ambiri a psoriasis alibe kachirombo, ndipo iwowa anasalidwa pachitsime ndi pamsika chifukwa cha nthenda imene analibe, ena n'kuopa kupita kuchipatala kumene ankayembekeza kumva chimene komboni inali itanena kale. Kulakwitsa kwa mbali inayo kunachitikanso: mphere zamakoko, zimene Danielssen ndi Boeck anayamba kuzifotokoza mu 1848 pakati pa akhate a ku Norway, zimagwira anthu a chitetezo chofooka, zimaoneka ngati psoriasis, koma zimakhala ndi tizirombo tosawerengeka ndipo zimapatsira banja lonse ndi anamwino omwe.

Nthawi yomweyo maziko amene zidzukulu za machona zinkadalira ankagumuka. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP ya 1991 inalimbitsa malipiro a kuchipatala; kugawidwa kwa minda kuyambira 2000 kunabalalitsa antchito a m'mapulazi pamodzi ndi makiliniki a m'mapulaziwo; lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira m'dzikomo ali alendo pa ziphaso zawo mpaka malamulo aakulu a 2013; mafakitale a David Whitehead, amene anali msana wa Chegutu, anafooka, ndipo mgodi wa Dalny unaimitsa ntchito mu 2013. Kolera wa 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, anagunda Chegutu mwamphamvu mu December 2008 kenako Kadoma. Pa nyengo yotere munthu wa zigamba sangawononge ndalama ya ufa kukwera basi ya makilomita oposa 100 kupita ku Harare kukafuna katswiri. Malo a katswiriyo anatengedwa ndi timachubu ta mafuta okhala ndi masiteroidi amphamvu, monga betamethasone ndi clobetasol, amene amagulitsidwa pamsika, kawirikawiri ngati oyeretsa khungu. Mafutawa amaziziritsa pafupifupi nsungu iliyonse kwa masiku angapo, choncho amaoneka ngati mankhwala abwino, koma amabisa chipere n'kuchifalitsa, amapyapyalitsa khungu, ndipo psoriasis imabwerera mwamphamvu akasiyidwa. Mapiritsi ndi majakisoni a masiteroidi ndi oopsa koposa, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi kungabutse psoriasis ya mafinya ya thupi lonse, imene Leo von Zumbusch anaifotokoza mu 1910 ndipo ikhoza kupha. Wodwala wotere akafika kwa katswiri, khungu lake limakhala litasintha kotero kuti ngakhale katswiriyo amavutika kuzindikira chimene chinayamba.

Wina angaganize kuti kuchedwa pa nthenda yosachizika kulibe kanthu, koma maganizo amenewa ndi olakwika. Pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu kapena anayi alionse amadwalanso nyamakazi ya psoriasis, imene imatupitsa chala chonse, imaumitsa msana m'mawa ndi kudya mafupa polumikizira, ndipo kafukufuku wa ku Dublin wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti kuchedwa miyezi yoposa 6 kuonana ndi katswiri kumawonjezera kuwonongeka kosabwezeka. Kwa wokumba golide payekha wa ku Chakari wogwira nyundo ndi chizulo, kapena mayi wothyola thonje, zala ndizo chuma chokhacho. Dzina lolondola limatetezanso wodwala ku mankhwala amene amakulitsa nthendayi, monga chloroquine, amene kwa zaka zambiri anali mankhwala oyamba a malungo m'chigawo chonsechi ndipo Malawi anali woyamba mu Africa kumusiya mu 1993, komanso lithium ndi mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi. Ndipo thandizo lenileni lilipo, losakwera mtengo: mafuta ofewetsa, salicylic acid wochotsa mamba, phula la malasha, dzuwa la muyeso, ndi methotrexate kwa odwala kwambiri, ngakhale kuti iyeyu amafuna kuyeza magazi ndi chiwindi pafupipafupi, ndipo saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena munthu womwa mowa kwambiri.

Kukonza kunayamba mochedwa, ndipo kunachokera kunja kwa mizinda iwiriyi. Mu 1992 ku Moshi, m'dziko la Tanzania, kunatsegulidwa Regional Dermatology Training Centre, sukulu yophunzitsa za khungu madokotala othandiza ochokera m'maiko ambiri a Africa, ndipo Malawi, amene anagonjetsa khate monga vuto la dziko lonse mu 1994 mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA, anaphatikiza ntchito ya khate ndi ya matenda ena a pakhungu, chifukwa ochuluka mwa obwera kudzayezetsa khate amapezeka ndi nthenda zina zofunanso dzina ndi mankhwala. Msonkhano waukulu wa WHO wa mu May 2014 unavomereza kuti psoriasis ndi nthenda yaikulu yosapatsirana ndipo unatchula kuzindikira molakwika kapena mochedwa monga chimodzi mwa zozunza odwala popanda chifukwa. Lipoti la bungweli la 2016 linati odwala ndi osachepera 100 miliyoni padziko lonse, koma chiwerengero chodalirika chinachokera m'maiko 20 okha, ambiri a ku Ulaya ndi North America. Mu 2020 Malone Mukwende, wobadwira ku Zimbabwe amene ankaphunzira udokotala ku St George's ku London, anatulutsa pamodzi ndi aphunzitsi ake kabuku ka Mind the Gap, ka zithunzi za zizindikiro za matenda pakhungu lakuda ndi lodera, ataona kuti ophunzira ankaphunzitsidwabe kufunafuna kufiira monga m'masiku a Hebra. Kabukuka kamapezeka kwaulere pa intaneti, kotero kuti namwino wa ku Rimuka ku Kadoma kapena wa ku Pfupajena ku Chegutu angathe kukaona pa foni yake, ndipo mu May 2025 maiko a m'bungwe la WHO, Zimbabwe ndi Malawi ali m'gulumo, anagwirizana kuti matenda a khungu aziphunzitsidwa, kuyezedwa ndi kuwerengedwa kuyambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera.